Dovu la mwana amene mano anamera kale: chimodzi mwa zizindikiro zoyamba za matenda a noma

Mwana akamadontha dovu, yankho la kwathu kuno limabwera msanga: "Akumera mano ameneyo." Amatero agogo, amatero amayi anzathu pachitsime, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Khanda la miyezi 6 kapena 8 limanyowetsa malaya pachifuwa tsiku lonse, mayi n'kumangopukuta ndi nsonga ya chitenje. Pamenepo palibe chodetsa nkhawa. Koma mano oyamba a mwana ali ndi nthawi yake yothera. Alipo 20, ndipo mwana akamakwanitsa zaka 3 amakhala atatuluka onse. Ena sabweranso mpaka cha m'ma zaka 6. Tsono mwana wa zaka 3, 4 kapena 5, yemwe anasiya kale kunyowetsa chibwano, akayambiranso kuchucha malovu, mawu oti "akumera mano" sakugwiranso ntchito. M'kamwamo muli china chake.

Kawirikawiri chinacho chimakhala chaching'ono: kachilonda pa lilime, dzino lobooka, zilonda za kukhosi. Koma mwa zinthu zomwe zimachititsa mwana wa msinkhu umenewu kuchucha malovu muli imodzi yomwe sidikira, nthenda yotchedwa noma. Imayamba ngati chilonda cha pa nkhama, ndipo pasanathe milungu iwiri ikhoza kuboola tsaya, kudya mlomo, mphuno ngakhale fupa la nsagwada. Bungwe la zaumoyo la WHO limati mwa ana 10 omwe adwala noma osalandira chithandizo, pafupifupi 9 amamwalira. Chomwe chimandipweteka n'chakuti pa masiku oyambirira, pamene chooneka kunja ndi malovu okha ndi fungo, nthendayi imachizika ndi mankhwala wamba omwe si odula n'komwe.

Tiyambe ndi malovu enieniwo, chifukwa munthu akamvetsa komwe amachokera savutika kumvetsa chifukwa chake amachenjeza.

Malovu amapangidwa ndi tiziwalo tikuluikulu 6, titatu mbali iliyonse ya nkhope: kamodzi kutsogolo kwa khutu, kena kunsi kwa nsagwada, kena kunsi kwa lilime. Palinso tina ting'onoting'ono tambirimbiri m'milomo ndi m'masaya. Munthu wamkulu amapanga malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka tsiku lililonse. Ganizirani botolo lalikulu lodzaza. Sitiwaona chifukwa timameza pang'onopang'ono osazindikira, usana wonse. Pafupifupi onse ndi madzi, koma muli zina zomwe zimafewetsa chakudya, kutsuka mano ndi kulimbana ndi tizilombo.

Ndiye kuti malovu atayikire kunja, pamakhala pachitika chimodzi mwa zinthu izi: apangidwa ochuluka kuposa masiku onse, kapena munthu waleka kumeza. Khanda limadontha dovu makamaka chifukwa silinaphunzire kutseka milomo ndi kumeza mwadongosolo, ndipo ana ambiri amakhala ataleka pofika zaka 2. Kwa mwana wodwala noma zonse ziwiri zimachitika nthawi imodzi. Chilonda cha pa nkhama chimatekenya mitsempha ya m'kamwa, thupi n'kutumiza malovu ambiri ngati mmene limachitira mukaika tsabola kapena bwemba pa lilime, kapena mmene diso limatulutsira misozi mukalowa kachitsotso. Komanso kumeza kumafuna kuti lilime, masaya ndi nsagwada zigwedezeke, ndipo chilichonse chikagwedezeka chimakhudza pachilondapo. Mwanayo amaphunzira msanga kuti kumeza kumawawa. Amangokhala chete, kukamwa kuli yasa pang'ono, malovu akuyenderera pakona ya mlomo. Usiku amanyowetsa mphasa pomwe wagoneka tsaya.

Malovu amenewa sakhala oyera mbee ngati a khanda. Akhoza kukhala onanda, ofiirira chifukwa cha magazi, nthawi zina osakanikirana ndi mafinya. Ndipo amanunkha. Fungoli ndilo mnzake wa dovu amene simuyenera kumunyalanyaza. Si fungo la m'kamwa la munthu wongodzuka kumene ayi, koma la chinthu chowola, longa la nyama yomwe yagonera pa nyengo yotentha. Limachokera ku mabakiteriya omwe amakonda malo opanda mpweya, amene akudya mnofu n'kumatulutsa mpweya wonunkha. Mayi wobereka mwana kumbuyo amalimva fungoli pakhosi pake ngakhale asanaone kalikonse.

Dzina loti noma linachokera ku mawu a Chigiriki okamba za kudya kapena kumemena, monga momwe ziweto zimadyera msipu. Madokotala amalitchulanso m'Chilatini kuti cancrum oris. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi nthenda ya mu Africa mokha, koma si choncho. Zaka mazana angapo zapitazo inali yodziwika bwino ku Ulaya, m'mizinda momwe amphawi ankakhala mothithikana. Ku Netherlands ankaitcha waterkanker, ku Germany Wasserkrebs, kutanthauza khansa ya madzi, ngakhale kuti noma si khansa. Ndikamva dzina limeneli ndimaona mayi wa nthawi imeneyo akupukuta chibwano cha mwana chomwe sichikuuma. Ku Ulaya nthendayi inazilala anthu atayamba kudya bwino ndi kukhala mwaukhondo, mankhwala opha mabakiteriya asanabwere n'komwe. Kenako inaonekanso pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'ndende za chipani cha Nazi monga Auschwitz ndi Bergen-Belsen, momwe anthu ankawakhalitsa ndi njala mwadala. Mbiri imeneyi ikuonetsa poyera kuti noma silondola khungu kapena mtundu wa munthu. Imalondola njala.

Nthendayi ili ndi masitepe ake, ndipo WHO inawapatsa manambala kuyambira 0 mpaka 5. Ndiwafotokoza motsatira zomwe kholo lingaone.

Poyamba penipeni nkhama zimangofiira, kutupa pang'ono ndi kutuluka magazi zikakhudzidwa. Zimenezi zimachitikira ana ambirimbiri ndipo ambiri safika pa noma. Koma kwa mwana wofooka m'thupi, kanyama ka nkhama komwe kamakhala pakati pa dzino ndi dzino kamayamba kufa. Pamaoneka chilonda chokutidwa ndi zotuwa, magazi amatuluka okha popanda kukhudza, m'kamwa mumawawa. Apa ndi pomwe dovu ndi fungo zimayambira. Mwana amakana nsima, amakana ngakhale phala, amalira mukamuyandikizira sipuni. Thupi likhoza kutentha, ndipo kunsi kwa nsagwada kumatuluka mwanabele. Nkhope kunja imakhala ikadali bwinobwino, chikomekome cha mkuyu. Iyi ndiyo nthawi yabwino kwambiri yopulumutsa mwana, ndiponso ndiyo nthawi yomwe ambiri amaphonya, chifukwa palibe amene watsegula kukamwa kwa mwanayo n'kuyang'ana.

Chilonda chikadumpha kuchoka pa nkhama kupita m'kati mwa tsaya kapena mlomo, nkhope imatupa mbali imodzi. Chotupacho chimakhala cholimba, chowala, chopweteka, ndipo chimakula mofulumira kwambiri moti mwana wa m'mawa amasiyana ndi wa madzulo. Malovu amachuluka kuposa kale. Pamenepa mwana akufunika kugonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo. Akalandira mankhwala panthawi imeneyi, nkhope ikhoza kupulumuka yonse.

Pakangopita masiku owerengeka, pakati pa chotupacho pamabwera kadontho kakuda kapena kotuwa mobiriwira. Ndiye kuti mnofu wa pamenepo wafa. Malo akudawo amakhala ndi malire ooneka bwino, amauma, kenako amathothoka n'kusiya chiboo chomwe mano ndi fupa zimaonekera. Chomwe chikuoneka kunja chimakhala chaching'ono poyerekeza ndi chomwe chaonongeka m'kati. Ana ambiri amafera pamenepa: tizilombo timalowa m'magazi, thupi limauma chifukwa mwana sakumwa chikhalirecho malovu akutayika, njala yomwe inalipo kale imakula, ndipo zowola za m'kamwa zikalowa m'mapapo zimayambitsa chibayo. Amene wapulumuka amalowa m'nyengo ya chipsera, kenako amakhala ndi chilema moyo wake wonse pokhapokha atachitidwa opaleshoni.

Funso lomwe makolo amafunsa ndi loti, chifukwa chiyani mwana uyu, pamene anzake omwe amasewera nawo ali bwino? Ndipo poti nthendayi imabwera mwadzidzidzi ndi kudya nkhope moopsa chonchi, maganizo amathamangira ku ufiti kapena ku kusempha mwambo. Izi zimachitika kulikonse komwe noma imapezeka, ndipo sindikuwaweruza makolo otere, chifukwa aliyense ataona tsaya la mwana wake likuda m'masiku atatu angafune yankho lalikulu kuposa "tizilombo". Koma masiku omwe amathera kwa sing'anga ndi omwewo amene mankhwala akanagwira ntchito.

Zoona zake n'zakuti noma sibwera ndi kachilombo kamodzi kachilendo. Mabakiteriya omwe ofufuza amawapeza m'zilondazi, monga a mitundu ya Prevotella ndi Fusobacterium, ndi a m'gulu lomwe limakhalamo kale m'kamwa mwa anthu ambiri osawadwalitsa. Ndiye chifukwa chake noma sipatsirana. Mwana wodwalayo sangapatsire mlongo wake pomwera kapu imodzi, ndipo palibe chifukwa chomutsekera m'nyumba yekha. Chomwe chimasintha si tizilombo ayi, koma chitetezo cha m'thupi. Mpanda ukagwa, mbuzi zomwe zinkangodutsa panjira tsiku ndi tsiku zimalowa m'dimba.

Chimagwetsa mpandawo choyamba ndi kusowa kwa zakudya m'thupi. Khungu lofewa la m'kamwa limadzikonzanso mosalekeza, ndipo limafuna zakudya zomanga thupi ndi mavitamini kuti litero. Mwana wonyentchera amakhala ndi nkhama zosachedwa kung'ambika ndi zochedwa kupola. Kenako pamabwera nthenda ina yomwe imamaliza: chikuku, malungo, kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali, chifuwa chachikulu kapena HIV. Chikuku ndicho chimatchulidwa kwambiri m'mbiri ya noma, chifukwa chimasiya zilonda m'kamwa, chimamaliza vitamini A m'thupi, ndipo chimafooketsa chitetezo kwa nthawi yaitali mwana atachira kale. Mvula ikakuona litsiro sikata: mwana yemweyo amene sadya mokwanira ndi amenenso amadwala malungo pafupipafupi, amamwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, ndipo kwawo n'kutali ndi chipatala.

Zaka za pakati pa 2 ndi 6 ndizo zoopsa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene analerapo. Ndi nthawi yomwe mwana wasiyitsidwa bere, kawirikawiri chifukwa mayi ali ndi pakati pena kapena ali ndi khanda. Wachoka pa mkaka womwe unkamuteteza, walowa pa phala la mgaiwa lopanda nsinjiro ndi nsima ya ndiwo zamasamba. Wachoka kumsana kwa mayi, akuyenda yekha, akutola chilichonse n'kuika m'kamwa. Maso onse a pabanja ali pa khanda latsopano. Ndipo mwana wa zaka 3 sanganene kuti "nkhama zikundiwawa". Amangoleka kudya, n'kumadontha malovu.

Mayiko omwe amadziwika kwambiri ndi noma ndi a kumunsi kwa chipululu cha Sahara, kuchokera ku Senegal ndi Mauritania, kudutsa ku Mali, Burkina Faso, Niger ndi kumpoto kwa Nigeria, mpaka ku Ethiopia. Koma zomwe zimaibala ziliponso kwathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu 2010 mliri wa chikuku unagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi. Chaka ndi chaka, kuyambira Januwale mpaka Malichi, nkhokwe zimakhala zopanda kanthu pamene malungo ali pachimake. Madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka analembapo za ana odwala noma omwe ankawathandiza, ndipo a ku Harare analemba za noma mwa anthu omwe ali ndi HIV, akuluakulu omwe. Ofufuza anapezanso anthu opulumuka noma m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique, kungodumpha malire kuchokera ku Mulanje. Nthendayi imabisala m'ziwerengero chifukwa ana ambiri amafera kumudzi asanaonedwe ndi wachipatala, ndipo opulumuka amabisidwa m'nyumba.

Ndisakusiyeni ndi mantha oti dovu lililonse ndi noma. Si choncho, ndipo ana ambiri odontha malovu alibe noma. Pali matenda a mavairasi omwe amatulutsa tizilonda tambiri m'kamwa ndi kutenthetsa thupi, ndipo amatha okha pakapita sabata imodzi kapena kuposerapo. Pali zoyera za pa lilime, zomwe zimakonda makanda ndi anthu ofooka m'thupi. Pali dzino lowola lomwe latupitsa tsaya. Matsagwidi amatupitsa kutsogolo kwa khutu koma sabweretsa fungo la zowola kapena chilonda pa nkhama. Ana ena olumala ubongo chibadwire amadontha dovu nthawi zonse chifukwa minofu yomezera sigwira bwino, ndipo zimenezo si zachilendo kwa makolo awo. Palinso khansa ya Burkitt, yomwe m'Malawi muno ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana. Nayo imatupitsa nsagwada ndi kugwedeza mano, imakula msanga, ndipo imafuna chipatala mwachangu ngakhale chithandizo chake n'chosiyana. Ndipo mwana amene akuchucha malovu kwinaku akubanika, kapena atamwa mankhwala ophera tizilombo m'munda, kapena atalumidwapo ndi galu, ameneyo ndi wothamanga naye nthawi yomweyo pa zifukwa zina.

Chomwe chimalozera ku noma ndi zinthu zikakumana pamodzi: mwana wazaka zapakati pa 2 ndi 6, wowonda kapena wotupa mapazi, amene wangodwala kumene chikuku kapena malungo, wayamba kudontha malovu mwadzidzidzi, m'kamwa mukununkha zowola, nkhama zikutuluka magazi, akukana kudya. Tsaya likayamba kutupa pamwamba pa zimenezi, musadikire kuti kuche.

Kuyang'ana m'kamwa mwa mwana si ntchito ya dokotala yekha. Sambani m'manja ndi sopo. Khalani panja powala, kapena yatsani tochi ya pafoni. Mugoneke mwanayo chagada, mutu wake uli pamiyendo panu, wina amugwire manja mofatsa. Kwezani mlomo wapamwamba, tsitsani wam'munsi, kokerani tsaya pambali ndi chala, muyang'ane mzere womwe dzino limakumanirana ndi nkhama, mbali zonse, mpaka kumano a kumapeto. Nunkhizani. Nkhama zabwino zimakhala zolimba, zogwira dzino bwino, zosatuluka magazi. Mukaona chilonda chotuwa, malo okumbika pakati pa mano, magazi kapena mafinya, mwapeza chifukwa cha dovulo. Zonsezi sizitenga mphindi ziwiri. Kusikelo ana amawayeza kulemera, amawayeza mkono ndi kalamba kaja, amawadina mapazi kuona ngati atupa. Ine ndimaona kuti kukweza mlomo wa mwana aliyense wonyentchera kuyenera kukhala mbali ya mwambo womwewo, ndipo mayi ali ndi ufulu wopempha kuti, "Adokotala, tamuonaniko m'kamwamu."

Mukafika kuchipatala, nenani zonse mwatchutchutchu: malovu anayamba liti, fungo linayamba liti, mwana wadwala chiyani milungu yapitayi, wadya liti komaliza. Musaope kutchula dzina la nthendayi. Noma siioneka tsiku ndi tsiku, ndipo wachipatala amene ali ndi mzere wautali panja akhoza kuganizira malungo kapena dzino chabe ngati palibe womukumbutsa.

Chithandizo cha pa masiku oyambirira n'chosavuta. Mwana amapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya, kawirikawiri amoxicillin pamodzi ndi metronidazole, amene ambiri timamudziwa kuti Flagyl. M'kamwa amatsukamo tsiku ndi tsiku ndi mankhwala otchedwa chlorhexidine, kapena madzi owiritsa othira mchere pang'ono atazizira. Mwana wamng'ono amene sangathe kuchukucha ndi kulavula amamupukuta nkhama ndi kansalu koyera konyowetsa m'madziwo. Amamupatsa mankhwala ochepetsa ululu kuti athe kumeza, vitamini A, ndi chakudya: chiponde, Likuni Phala, phala lothira nsinjiro, dzira, mkaka, zofewa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Matenda omwe anatsegula khomo aja, kaya ndi malungo, njoka za m'mimba kapena HIV, nawonso amayezedwa ndi kuthandizidwa. Tsaya likakhala kuti latupa kale, mankhwala amadzera mumtsempha, mwana amaikidwa diripi, ndipo ngati sangameze amamudyetsera m'kapaipi kodzera m'mphuno. Mankhwala akayamba kugwira, fungo limachepa, malovu amachepa, mwana amayambanso kulandira sipuni.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimataya nthawi. China ndi kugula makapusozi awiri kapena atatu pagolosale: amaziziritsa zinthu pang'ono, banja n'kuganiza kuti zatha, chilonda chikupitirira m'kati. Mankhwalawa ali ndi mlingo wake malinga ndi kulemera kwa mwana, ndipo amayenera kumwedwa mpaka kumaliza masiku onse. China ndi kupaka pachilondapo phulusa, zitsamba zowaula kapena chilichonse chotentha. Mnofu womwe ukulimbana kale ndi imfa ukawotchedwanso, tizilombo timapeza chakudya chochuluka.

Za kupewa sindichulutsa, chifukwa n'zomwe alangizi a zaumoyo amanena kale: kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 ndi kupitiriza mpaka zaka 2, katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15, vitamini A wa kusikelo, kugona m'neti, madzi abwino. Chomwe chimaiwalika ndi m'kamwa. Ambiri timayamba kutsuka mano a mwana akayamba sukulu, poganiza kuti mano oyambawo adzagweruka basi. Koma nkhama sizigweruka. Mswachi wofewa kapena kansalu koyera, m'mawa ndi madzulo, makamaka mwana akamadwala kapena atangochira, zimachotsa zokanirira zomwe tizilombo timaswanamo.

Dziko lapansi linachedwa kuiona nthendayi. Chiwerengero chomwe chimatchulidwabe mpaka lero, chakuti anthu pafupifupi 140,000 amadwala noma chaka chilichonse, WHO inachipereka mu 1998. Mu 2012 komiti yolangiza bungwe la United Nations loona za ufulu wa anthu inagwiritsa ntchito noma ngati chitsanzo cha zomwe zimachitika ana akamanidwa ufulu wa chakudya. Koma noma inalowa pa mndandanda wa WHO wa matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha pa 15 Disembala 2023 pokha, dziko la Nigeria litatsogolera pempholo. Ku Nigeria komweko, mumzinda wa Sokoto, kuli chipatala cha noma chomwe chinatsegulidwa mu 1999, ndipo bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières lakhala likuchithandiza kuyambira 2014. Mulikat Okanlawon wa ku Nigeria ndi Fidel Strub wobadwira ku Burkina Faso, onse opulumuka noma, anayambitsa bungwe la opulumuka lotchedwa Elysium, ndipo akhala akuyankhula pamaso pa dziko ndi nkhope zawo zomwezo zokhala ndi zipsera.

Kwa opulumuka, nkhani ya malovu sithera pomwe matenda athera. Milomo ndi masaya ndiwo khoma lomwe limasunga malovu m'kamwa. Khomalo likagumuka, malovu amatuluka usana ndi usiku, ngakhale thupi likupanga mlingo wake wa masiku onse. Khungu la pachibwano limasupuka chifukwa chonyowa nthawi zonse. Madzi akumwa amatulukira pachiboo, phala limatayika, mawu samveka bwino. Chipsera chikamauma chimakoka minofu, ndipo nthawi zina fupa la nsagwada limalumikizana ndi la tsaya, kukamwa n'kutsekeka moti munthu amadya pokankhira chakudya ndi chala pampata wa mano. N'chifukwa chake achipatala amalimbikitsa mwana kuchita masewera otsegula ndi kutseka kukamwa tsiku ndi tsiku chilonda chikamapola. Ana otere ambiri amasiya sukulu, osati chifukwa mutu sugwira, koma chifukwa cha kansalu konyowa komwe amayenda nako ndi maso a anzawo.

Opaleshoni yokonza nkhope ilipo, koma sichitika msanga. Madokotala amadikira kuti matenda atheretu, chipsera chikhazikike ndipo mwana abwezeretse thupi, zomwe zimatenga pafupifupi chaka kapena kuposerapo. Akatero amatenga khungu ndi mnofu kuchokera pamphumi, pakhosi, pachifuwa kapena pamkono n'kumanga tsaya kapena mlomo watsopano, ndipo nsagwada yomangika amaimasula. Nthawi zambiri pamafunika maopaleshoni angapo, motalikirana miyezi kapena zaka, ndipo madokotala odziwa ntchito imeneyi ndi ochepa kwambiri m'mayiko omwe noma imapezeka. Pokonza mlomo, chimodzi mwa zolinga zawo zazikulu n'chakuti utseke bwinobwino, kuti munthuyo athe kumwa madzi m'kapu osatayika ndi kusunga malovu ake m'kamwa.